Tinakwera basi ndi babatoni kupita ku situdiyo ya ku Joni

Makondakitala a pa Wenela ku Blantyre anaona katundu wamitundumitundu, koma babatoni inawazunguza mutu. Ndi chida choimbira besi: bokosi lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali ndi chingwe chimodzi, ndipo siipindika. Tinaikulunga m'mabulangete n'kuigoneka kunsi kwa basi, pamwamba pa matumba a mpunga wa Kilombero ndi usipa zimene anthu ankatengera abale awo. Mwini wake, achimwene athu aakulu m'gululi, ankatsika paliponse pamene basi yaima kuti akaone ngati chikopa chikadali bwino.

Njirayo ambiri mukuidziwa: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, kenako mizere ya pa Beitbridge. Ndi njira ya agogo athu amene ankapita kumigodi, ndipo ngakhale dzina loti Wenela linachokera ku bungwe limene linkalemba anthu ntchito imeneyo. Pobwerera ankanyamula magitala, mabanjo ndi magalamafoni. Kwela, nyimbo yobadwira m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, inayenda mpaka kukafika ku Chileka, kwa a Daniel ndi a Donald Kachamba. Ifeyo tinali kubweza nyimbo kumene mbali ina ya izo inachokera.

Wina angafunse kuti bwanji osajambula kwathu konkuno. Masitudiyo tili nawo. MBC inasunga mawu a oimba athu kwa zaka zambiri, a Paul Banda anaumba oimba ochuluka ku Balaka, ndipo masiku ano m'matauni mwathu muli anyamata aluso kwambiri pa kompyuta. Koma ambiri mwa malo amenewa ndi kachipinda kamodzi kolowa woimba mmodzi, zida zonse zimachokera m'kompyuta. Gulu lathu ndi la banjo, babatoni, ng'oma, visekese ndi mawu anayi, ndipo nyimbo zathu zimakoma tikamaimba tonse pamodzi tikuyang'anizana. Amalume amene amagwira ntchito ku Joni ndi amene anatilipirira maola.

Tisanapite kumene tinabukitsa, anatidutsitsa pa Downtown Studios mkatikati mwa tauni, imene inatsegulidwa mu 1979 ikutchedwa RPM, kumene oimba ambiri otchuka a ku South Africa anajambulirako zimbale zawo. Tinangoiona kunja. Yathuyo inali yocheperapo, m'nyumba imene simungaiganizire n'komwe.

Chinthu choyamba chimene chinandigwira mtima ndi bata. Mumadutsa zitseko ziwiri zolemera, chachiwiri chikatsekeka matakisi onse a mumsewu aja amangoti zii. Injiniya, bambo wa imvi wolankhula motsitsa, anatifotokozera kuti chipindacho chinamangidwa m'kati mwa chipinda china, pansi pake pakhala pa mphira kuti kunjenjemera kwa magalimoto kusalowe. Galasi lolekanitsa ife ndi iwo ndi lowirikiza ndipo n'lopendeka dala. Makoma sanayang'anizane mowongoka, kuti mawu asamagundegunde pakati pawo. Anandiuza kuti ndiombe m'manja. Kuombako kunamveka bwinobwino, n'kutha msanga, popanda kamchira kolira ngati m'kalasi lopanda mipando. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene anthu amalipira. Kompyuta ndi pulogalamu yojambulira ya Pro Tools ungagule, koma chipinda chotere chimafuna ndalama zambiri ndi munthu wodziwa kuchimanga.

Theka la tsiku loyamba linatha tisanajambule kalikonse, ndipo mitima inali m'mwamba chifukwa wotchi inali kudya ndalama za amalume. Bamboyo sanafulumire. Anatiuza kuti tiimbe monga timaimbira kwathu, iwo n'kumazungulira, kugwada, kutseka khutu limodzi, kufunafuna pamene chida chilichonse chikumveka bwino. Ng'oma yanga anaiikira Shure SM57, kamaiki kolimba kamene kakhala kakugwiritsidwa ntchito kuyambira 1965. Woimba wamkulu anamuikira Neumann U87, imene imafuna magetsi a mavoti 48 ochokera pa desiki yosakanizira mawu, ndi kasefa kutsogolo koletsa mpweya wa "p" ndi "b" kuphulika. Imeneyo imamva mpaka kumeza malovu.

Babatoni anali asanaionepo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa achimwene kuti mawu ake amatulukira pati. Achimwene anawasonyeza chikopa, kenako botolo limene amaliyendetsa pachingwe posintha mawu. Bamboyo anaika maiki awiri, wina pafupi ndi chikopa kuti agwire kugunda kwa pansi, wina chakumtunda kuti agwire kulira kwa chingwe. Atatsegula onse awiri, besi ija inaonda m'malo mokula. Achimwene nkhope inagwa. Injiniya anati palibe cholakwika ndi chidacho: mawu amafika pa maiki awiriwo nthawi yosiyana pang'ono, ndiye funde lina likamakwera linzake limatsika, n'kumafafanizana. Anadina kabatani kamodzi kotembenuza fundelo, anasuntha maiki wachiwiri pang'ono chabe, babatoni inabwerera yonse mpaka galasi kunjenjemera.

Chimene ndidzawakumbukire nacho kwambiri ndi nkhani ya kiliki, kaphokoso ka "ti, ti, ti" ka m'mahedifoni kosunga liwiro la nyimbo. Oimba ambiri masiku ano amajambula nako chifukwa kamathandiza podula ndi polumikiza. Tinayesa, nyimbo inauma. Kuimba kwathu kumayamba modekha, kukafika pakolasi kumathamanga pang'ono, ndipo pamenepo ndi pamene anthu amadzuka kuvina. Bamboyo anamvetsera, n'kunena kudzera pa maiki yawo kuti, "Ndakazimitsa. Tsatirani wa ng'omayo." Anadziwa kuti akudzipatsa ntchito, chifukwa popanda kiliki sungadule gawo la kuno n'kulimata uko mosavuta. Wina akaphonya, tonse tinkayambiranso. Ine ndimaona kuti injiniya wabwino ndi ameneyo, wolola kuvutika iyeyo kuti nyimbo ikhale ya eni ake.

Mawu othandizira ndi visekese zina tinaonjezera pambuyo, mmodzimmodzi. Zimenezo zinayenda msanga.

Tsiku la kumikisa, kutanthauza kusakaniza zida zonse kuti zikhale nyimbo imodzi, anatilola awiri okha kulowa, ndipo anachita bwino, chifukwa woimba aliyense amafuna chida chake chikwezedwe. Ndinkayembekeza kuona akuonjezera zinthu, koma nthawi yambiri anali kuchotsa. Khutu la munthu limamva kuyambira pa mawu apansi kwambiri a 20 Hz mpaka okwera kwambiri cha m'ma 20,000 Hz, ndipo zida zonse zimalimbirana malo omwewo. Babatoni ndi ng'oma yanga zinkakumana pansi, cha m'ma 100 Hz kutsika. Anadula pang'ono pansi pa ng'oma kuti babatoni ipume, anadula pansi ponse pa banjo ndi visekese pamene panalibe chaphindu, n'kukankhira banjo kumanzere, visekese kumanja, mawu pakati. Zili ngati kukhazika anthu pamphasa imodzi: aliyense apinde miyendo kuti onse akwane. Ndikamvetsera ng'oma yanga payokha inkamveka yopyapyala, ndipo ndinawafunsa. Anatsegula zida zonse pamodzi, ndinaimva bwino kuposa poyamba.

Kompuresa, imene imachepetsa kusiyana kwa mawu okweza ndi otsika, anaigwiritsa ntchito mosamala pa mawu a woimba, kuti akanong'ona asasowe, akakuwa asabaye m'makutu. Rivebu, kamchira kolira kaja, anaika yochepa. Kwathu timaikonda mopyola, mpaka mawu a nyimbo osamveka, ndipo ndikukhulupirira kuti nthawi zambiri imakhala ikubisa chipinda choipa.

Pa desiki panali timasipika ta Yamaha NS-10 toyera pakati, tosakoma kumvera, ndipo n'chifukwa chake mainjiniya amatikonda: nyimbo ikamveka bwino pamenepo imamveka bwino kwina konse. Koma bamboyo anatifunsa kuti anthu a kwathu adzamvera pa chiyani. Tinati pa foni, pa wailesi ya batire ndi m'minibasi. Anatumiza nyimbo ku foni ya achimwene, ndipo babatoni inasoweratu, chifukwa kasipika ka foni sikatulutsa mawu apansi. Anabwerera pa desiki n'kukweza maiki wa pachingwe uja, kuti khutu ligwire kulira kwa pamwamba ngakhale kugunda kwa pansi kulibe. Anamveranso zonse mu mono, monga wailesi ya sipika imodzi imachitira. Tinabwereza zimenezi mpaka achimwene anagwedeza mutu foni ili pakhutu.

Kumasita, kumene ndi kusalaza komaliza kwa nyimbo, anatumiza kwa munthu wina amene anali asanazimvepo nyimbozo. Anatichenjeza kuti tisapemphe kukweza mopyola, chifukwa Spotify imatsitsa nyimbo zokuwa kwambiri kuti zifanane ndi zinzake, ndiye umangotaya mphamvu ya ng'oma pachabe.

Anatipatsa hard drive muli chida chilichonse pachokha, kuti tsiku lina wina adzathe kumikisanso, n'kutiuza kuti tisunge makope awiri m'nyumba ziwiri zosiyana. Limodzi linatsala kwa amalume. Titafika ku Blantyre tinayamba ndi kulembetsa nyimbo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, tisanapereke ku wailesi iliyonse, ndipo pano tikufunafuna tchalitchi chokhala ndi siling'i kutali ndi msewu, kuti chimbale chotsatira tidzajambulire konkuno ndi maiki obwereka.