Tinakawaona anzathu a Kudzigulira Malo ku Machinga

Inu amene munatsala, musamvere za a msungichuma. Nkhani yake inayenda chonchi.

Tinanyamuka pa Thyolo boma tambala woyamba atangolira, anthu 14 m'minibasi imodzi, kukaona abale athu amene anasamukira ku Machinga. Paja kuno tiyi anatizinga kalekale, munthu ukayetsemula m'munda mwako, mnzako wa munda winawo amapukuta nkhope.

Titadutsa Zomba, tisanafike pa Liwonde, tayala linangoti phuu! Amayi apampando anayamba kuitana mayina a ana awo mmodzimmodzi. Sipeya analipo koma jeke ayi, ndiye tinatukula galimoto ndi chipika ndi miyala. A mlembi, omwe aja amati anagwirapo pa galaja ku Joni, anaima patali n'kumayankha foni yosalira. Nkhuku yokazinga ya kamba wathu inasowera pomwepo. A msungichuma akuti inatengedwa ndi galu. Galuyo tonse tinamuona, anavala jekete lofiira.

Titafika, wapampando wa gulu la abale athuwo anatifotokozera kuti pulojekiti ya Kudzigulira Malo inayamba mu 2004 ndi ndalama za World Bank. Mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera kuno ndi ku Mulanje, anagula malo a maesiteti, banja lililonse n'kupeza mahekitala awiri. Chikalata cha malo chili m'dzina la gulu, osati la munthu. A mlembi akuti analemba zonse.

Ine chimene chinandigwira mtima ndi nkhokwe ya azakhali anga. Mayi amene anakalambira m'mizere ya tiyi, dengu kumsana, anandigwira dzanja n'kundilowetsa mutu m'nkhokwemo kuti ndione ndekha chimanga chofika pakhosi. Kenaka anandilozera ndowa, ati mjigo uli kutali, chipatala ndiye osanena, ndipo ena anabwerera kumudzi chaka choyamba chomwe. Anandinong'oneza kuti akadzamwalira tidzawatenge, akagone pafupi ndi amayi awo ku Thyolo.

Nsima inali ya mgaiwa, ndiwo nandolo ndi usipa. Amfumu a kumeneko anatipatsa moni m'Chiyao, achimwene athu aja a kwaya n'kuyankha kuti "ameni".

Zikomo adalaivala pofatsa nafe, zikomo amayi amene munaphika, ndi nonse amene munasonkha ya mafuta. Thumba la nandolo limene anatipatsa lili kwa amayi apampando, osati kwa a jekete lofiira. Tigawana Loweruka, aliyense abwere ndi mbale yake.