Firewall yopuma ntchito ku ofesi yayamba kugwira kunyumba, koma 38400 inandidyera Loweruka lonse

Bokosi la firewall iyi, chipangizo cholondera netiweki, ndi Sophos XG 210, lathyathyathya lomangirira mu rack, kabati ya zida za netiweki. Thandizo la ma XG linatha pa 31 Malichi 2025, ndiye maofesi akuwachotsa ndipo amapezeka motchipa. Mkati mwake ndi kompyuta wamba ya Intel, n'chifukwa chake OPNsense, pulogalamu ya firewall yomwe ndinaikamo, imalowamo popanda vuto. Koma musangotola firewall iliyonse yakale. Zina zili ndi ma chip awoawo, simungaikemo pulogalamu ina. Zokhala ndi purosesa ya Atom C2000 zipeweni, vuto lake linadziwika mu 2017, zimatha kungofa osayakanso.

Kukopera image, fayilo yoikira OPNsense, ndi kuilemba pa flash sindikamba zambiri. Imabwera ili .bz2, ifutukuleni kaye, kenako ilembeni pa flash ndi pulogalamu ya dd kapena Rufus. Chachikulu ndi kusankha mtundu wake, vga kapena serial. Ngati muli ndi monita ndi kiyibodi pafupi, tengani vga mupume. Ine ndinatenga serial, yoyendetsera bokosilo kuchokera pa kompyuta ina kudzera pa chingwe.

Apa ndiye panali pa mutu. Chingwe cha console, cha RJ45 uku USB uku, PuTTY, pulogalamu yoyankhulira ndi bokosi, pa liwiro la 115200 monga OPNsense imafunira. Kuyatsa bokosi, pa sikirini pangotuluka zinyalala, timizere ndi timabokosi tosawerengeka. Ndinaganiza kuti chingwe n'chabodza, ndinakagula china. Zomwezo. Ndinalembanso flash kawiri, ndinazula RAM n'kuibwezera. Dzuwa mpaka kulowa. Vuto linali liwiro basi: BIOS ya bokosili, pulogalamu yoyamba kudzuka mukaliyatsa, imayankhula pa 38400, pomwe OPNsense imayankhula pa 115200. Ndiye yambani ndi 38400, lowani mu BIOS, ikani flash patsogolo, sungani. Mukangoona zinyalala zayambanso, musadandaule, ndiye kuti OPNsense yadzuka. Tsekani PuTTY, tsegulaninso pa 115200.

Mulowa ndi dzina loti installer, pasiwedi opnsense. Pa kasungidwe ka mafayilo pa disiki sankhani ZFS, osati UFS. Ndi magetsi athu ozimazimawa, UFS idzakulizani tsiku lina. Ndaiwala, mukadali mu BIOS muja pezani pamene pamanena zochita magetsi akabwerera, muike kuti liziyaka lokha. Apo ayi muzikadina batani nthawi zonse. Yang'ananinso deti. Kabatire ka CR2032 ka pa bolodi kamakhala katatha, wotchi imabwerera m'mbuyo zaka zambiri, ndiye ma update amakana chifukwa cha satifiketi. Kasinthiretuni chivundikiro chili chotsegula, muuzirenso fumbi la m'mafani.

Musakhulupirire manambala olembedwa pa madoko kutsogolo. OPNsense imatenga doko la igb0 ngati LAN (mbali ya m'nyumba), la igb1 ngati WAN (mbali ya intaneti), ndipo sikuti nthawi zonse zimagwirizana ndi zolembedwazo. Lowetsani chingwe dzenje limodzi limodzi, muziona pa console lomwe lanena kuti link up, mulembe pa tepi n'kumata.

China chomwe chimasokoneza: LAN imayamba ili 192.168.1.1, ndipo ma rauta ambiri a kampani za intaneti amakhalanso pomwepo. Mbali zonse zikafanana, tsamba la OPNsense limatseguka koma intaneti palibe. Sinthani LAN ikhale monga 192.168.20.1, kapena ikani rauta ija pa bridge, kuti izingodutsitsa intaneti, ngati imalola. Wi-Fi mulibe m'bokosili, rauta yakale muisandutse access point yongopereka Wi-Fi, DHCP yake yogawa ma adiresi muizimitse.

Phokoso lokha ndiye silikambika. Timafani tating'ono ta m'bokosi lathyathyathyali timalira ngati chigayo chapatali, kuchipinda chogona simungalisunge. Langa lili m'kachipinda kosungira katundu, pamwamba pa shelefu, pa UPS (batire losunga magetsi) imodzi ndi rauta. Pachivundikiro ndalembapo ndi maka: BIOS 38400, OPNsense 115200.