Kusheya kapena kugawana?

Dzulo ndili mu minibasi kuchoka ku Limbe kulowa mtauni mayi ena amauza mwana wawo pafoni kuti "tandisheyere uthenga wa maliro uja pa WhatsApp", ndiye mawu amenewa akhala akundizungulira m'mutu mpaka lero. Kusheya tinangotola ku Chingerezi, kabatani ka share ka pa Facebook kaja, tinakaveka ku- kutsogolo basi n'kukhala mneni wathuwathu, mpaka pano timati tandisheyere, tasheyerana.

Koma ineyo amene amandikomera ndi kugawana. Tsinde lake ndi -gawa, momwe timagawira ufa kapena nyama ya pa Khirisimasi, ndiye ka -an- kaja ndi kamene kamaonetsa kuti zikuchitika mbali zonse ngati mu kukondana, kuthandizana, moti munthu ukati tikugawana nkhani ndekuti nawenso ukudikira kumva za mnzako osati kungoponya n'kuthawa ngati timachitira m'magulupu muja.

Kudziwitsa ndi kudziwa komwe kuja kongoonjezera -its-, kupangitsa wina kuti adziwe. Kufalitsa nako kunachoka ku kufala.

Titafika pa Chichiri ndinakumbuka kuulutsa, poti MBC ili pompo ndipo yakhala ikuulutsa mawu kuchokera 1964. Mawu oti kuulutsawa ndi achibale ndi kuuluka, yani kupangitsa mawu kuti auluke ngati mbalame, amene anayamba kutchula wailesi choncho anaganiza bwino zedi. Agogo anga ku Chilomoni mpaka pano maliro akachitika samasheya ayi, amatuma mwana kuti kawauze amfumu.