Zikomo kwa aphunzitsi a m'dipatimenti yathu

Ndikufuna kuthokoza poyera aphunzitsi athu a ku yunivesite, makamaka amene ankayang'anira kafukufuku wanga. Lipoti langa linkabwerako lili psuu ndi inki yofiira: izi mwazitenga kuti, umboni wake uli pati, mwafunsa anthu angati. Zinkawawa ndithu, komatu ndi mmene ndinaphunzirira kusiyanitsa maganizo anga ndi zomwe ndapezadi.

Inu a Dokotala, ntchito inali tho. Makalasi odzaza, mayeso oti muchonge, mapepala anu omwe akatswiri anzanu amayamba aunika asanasindikizidwe, koma simunatibweze pakhomo la ofesi yanu. Ndisaiwale a mulaibulale amene ankatisakira mabuku, ndi bambo a mulabu omwe ankatsalira madzulo kudikira kuti timalize. Zikomo kwambiri nonsenu, Mulungu akudalitseni.