Kapuku ndi yemweyo, koma mavairasi ake ndi osiyana

Kwa masabata atatu ndakhala ndikuwerenga za mavairasi okhala m'mbewa zakutchire, ndipo chimene chinandigwira mtima kuyambira tsiku loyamba ndi nkhani ya kapuku. Mbewa imene akatswiri amaitcha Mastomys natalensis, yomwe imasunga vairasi ya Lassa kumadzulo kwa Africa, ndi kapuku yemweyu amene anyamata amakumba m'minda anthu akatha kukolola, n'kumagulitsa pa mapani m'mbali mwa msewu wa M1. Ngati mbewayo ndi imodzi, n'chifukwa chiyani matenda a Lassa amasautsa anthu ku Nigeria, Sierra Leone, Guinea ndi Liberia, koma osati kuno kwathu?

Matendawa anadziwika mu 1969 m'tauni ya Lassa, kumpoto chakum'mawa kwa Nigeria, anamwino a mishoni atadwala, ena mpaka kumwalira, ndipo vairasi yake inapezeka mwa kapuku pambuyo pa mliri wa mu 1972 ku Sierra Leone. Kapukuyo saoneka wodwala, koma amatulutsa vairasi mu mkodzo ndi ndowe kwa nthawi yaitali, moti munthu amaitenga akadya chakudya chimene mbewa yaipitsa. Anthu pafupifupi 80 mwa 100 alionse amene aitenga sadwala kwenikweni, koma mwa amene agonekedwa m'chipatala matenda atakula, pafupifupi 15 mwa 100 amamwalira, ndipo ena ochira amatsala ogontha.

Yankho la funso langa linayamba kuoneka nditaphunzira kuti dzina limodzi la mbewayi labisa mafuko 6, amene pamaso amafanana koma chibadwa chawo n'chosiyana, ndipo fuko lililonse lili ndi dera lake komanso mavairasi ake a banja la arenavirus. Lassa imapezeka makamaka m'fuko la kumadzulo. Fuko la kum'mwera limasunga Mopeia, imene inadziwika mu 1977 kuchokera ku mbewa za ku Mopeia m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, ndipo vairasi imeneyi sinapezekepo ikudwalitsa munthu ngakhale kuti ndi mbale wapafupi wa Lassa. Chimene chinandidabwitsa koposa ndi za ku Tanzania, kumene mafuko awiri amakumana malire n'kumaberekana, koma vairasi ya Gairo imatsalira mbali yake ndipo ya Morogoro nayo mbali yake, ngakhale palibe nyanja kapena phiri lalikulu loletsa mbewa kudutsa.

Apa ndinafulumira kuganiza kuti vairasi ndi mbewa zakhala zikugawikana limodzi kuyambira kalekale, monga mmene mfunda umatsatira mbumba. Maganizo amenewa ndi okoma, koma nthawi sizigwirizana. Mafuko a kapuku anapatukana zaka mazana a zikwi zapitazo, pamene kafukufuku wa mu 2015 anayerekeza kuti kholo la mitundu ya Lassa imene ilipo lero linali ku Nigeria zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo kuti vairasiyi inafika ku Sierra Leone posachedwa kwambiri. Kuwonjezera apo, mu 2016 Lassa inapezekanso mu Mastomys erythroleucus ndi Hylomyscus pamfi, zomwe zikusonyeza kuti imatha kudumphira mbewa za mtundu wina.

Kuti ndimvetse kudumphaku, ndinayenera kubwerera ku maphunziro a RNA, chinthu chimene chimasunga chibadwa cha mavairasi monga Lassa, amene poyamba ndinkawaona ngati otopetsa. Vairasi ya RNA ikamachulukana imakopera chibadwa chake molakwitsalakwitsa, ndipo ilibe njira yodalirika yokonzera zolakwikazo, kotero m'mbewa imodzi mumakhala khamu la mavairasi osiyana pang'onopang'ono, ndipo amene akuyenerana bwino ndi thupi la mbewayo ndiwo amapitirira. Chibadwa cha arenavirus chili m'zidutswa ziwiri, L ndi S, ndipo mavairasi awiri apachibale akalowa mu selo imodzi akhoza kusinthana zidutswazo. Akatswiri anachita zimenezi dala m'labotale n'kupanga vairasi yotchedwa ML29, yokhala ndi L ya Mopeia ndi S ya Lassa, imene akuiyesa ngati katemera. Kunena zoona, tsamba limenelo ndinaliwerenga kawiri, chifukwa sindinayembekezere kuti mbewa ya m'chigwa cha Zambezi ingathandize kuteteza munthu wa ku Nigeria.

Komabe sindinganene kuti dera lathu lilibe choopsa. Mu 2008 mayi wina amene anadwalira ku Lusaka anatengeredwa kuchipatala ku Johannesburg, ndipo arenavirus yatsopano, yomwe anaitcha Lujo potengera mayina a mizinda iwiriyo, inagwira anthu 5 n'kupha 4. Ofufuza atapita ku Zambia kukatchera mbewa kuti apeze gwero lake, Lujo sanaipeze, koma mwa akapuku a ku Lusaka ndi Namwala anapezamo vairasi ina yosadziwika, imene mu 2011 anaipatsa dzina loti Luna.