Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Mapu Amene Ndinakana Kusainira

Zikomo nonse amene munandilimbitsa mtima pa gawo lapita lija. Ambiri mwafunsa kuti nanga ntchito ija yokonza mapu a pansi pa nyanja ndinaisiyiranji pamene ndinaivutikira chonchija. Lero ndikuyankhani.

Maphunziro atatha ndinakhala zaka ndithu ndikukonza mapu a matanthwe a korali (tizamoyo ta m'nyanja timene timamanga matanthwe pansi pa madzi) kuchokera pa zithunzi za setilaiti. Tinayamba ndi setilaiti ya Landsat, imene kadontho kamodzi ka chithunzi chake kamaimira malo a mamita 30 mulitali ndi mulifupi. Setilaiti ina ya Sentinel-2 itabwera mu 2015 ndi mamita 10, tinati basi taphula. Komatu kuona pansi pa nyanja uli kumwamba si masewera. Kuwala kofiira kumathera pamwamba pomwepa, kwabuluu ndi kobiriwira ndiye kumafika pansi, choncho mchenga wa pakuya umada mpaka kufanana ndi udzu wa pamadzi osaya. Umayamba wachotsa kunyezimira kwa dzuwa pa mafunde, n'kukonzanso za kuya kwa madzi potsata njira ya masamu ya katswiri wina dzina lake Lyzenga. Kenako umalowa m'madzi, GPS yosonyeza malo amene uli ikuyandama pambuyo pako pa chingwe, iwe ukujambula pansi: apa mchenga, apa zibuma, apa korali wamoyo. Malo ena umaphunzitsira kompyuta kugawa madontho m'magulu, ena umaibisira kuti udzaiyesere mayeso.

Mu 2016 madzi anatentha kwambiri. Pamalo paja ndinakuuzani kuti ndinkapakonda, pomwe tinsomba tabuluu tinkabisala m'nthambi za korali ndikayandikira, ndinapeza korali atayera mbuu chifukwa cha kutenthako! Ndinangoyandama pamwamba pake, kamera ili m'manja, osajambula. Mnzanga uja wa m'boti anachita kundikoka chingwe. Patapita miyezi tinabwererako. Kuyera kuja kunali kutatha, nthambi zonse zitakutidwa ndi ndere zoterera. Ndinagwira imodzi, inathyokera m'manja mwanga. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Chondipweteka koposa n'chakuti pa mapu athu malowo ankaonekabe kuti ndi korali wamoyo. Mtundu wa maonekedwe a korali umachokera ku tindere tating'onoting'ono tokhala m'thupi mwake, ndiye setilaiti imavutika kusiyanitsa korali wamoyo ndi wakufa amene wamera ndere. Titayesa mapuwo ndi malo obisidwa aja, pa mchenga anakhoza bwino, pa korali analephera.

Bwana wanga wa kuntchito anati tiyese mapuwo ndi malo omwe tinaphunzitsira kompyuta kuti manambala akwere. Kumeneko n'kupatsa mwana mayankho kenako n'kumuombera m'manja kuti wakhoza. Ndinati, "Pepani bwana, mapu awa akukagwiritsidwa ntchito posankha malo oti atetezedwe. Ine sindisainira." Anandiyang'ana osayankha kanthu. Kuyambira pamenepo misonkhano ndinkangoimvera kwa anzanga.

Amene munkafalitsa zoti ndinachotsedwa chifukwa cha matama, ndikudziwa mumawerenga. Ndinachoka ndekha, ndipo setilaiti sindinadane nayo. Palibe munthu angasambire nyanja yonse, ndipo ntchito ya mapu yotchedwa Allen Coral Atlas, imene inamalizidwa mu 2021, yaonetsa matanthwe a madzi osaya a m'madera otentha padziko lonse. Ndinangofuna kuti tebulo loonetsa pamene mapu alakwitsa likhale poyera, aliyense aziliona.

Gawo likubwerali ndifotokoza m'mene mphunzitsi wanga wakale uja anandiimbira foni nditakhala miyezi osagwira ntchito.