Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Lipenga ndi mawu m'chaka cha mdima

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinalowa bandi ya maukwati ku Chilenje, nditachoka kwathu ku Katete ndi saxophone ya alto imene amalume anandisiyira. Lero tifike mu 2015, chaka chimene aliyense wa mu Lusaka amachikumbukira ndi makandulo ndi mbaula. Madzi anatsika mu Kariba, ndipo magetsi ankazima maola 8 pa tsiku, m'makomboni ena kupitirira apo.

Bandi ya maukwati moyo wake uli pa soketi. Kiyibodi, gitala ya besi, masipika, maikolofoni, zonsezo popanda magetsi ndi katundu wongodzaza malo. Pa tsiku la ukwati eni phwando ankabwereka jenereta, koma masiku okonzekera panalibe wotigulira petulo. Anyamata anayamba kujomba mmodzimmodzi, mpaka m'galaja momwe tinkakumana tinatsalamo awiri: ine ndi amai ena amene ankathira mang'ombe kumbuyo kwa woimba wathu wamkulu. Anali a ku Chadiza, a Chigwirizano ku Reformed Church, ndipo m'mawa ankagulitsa salaula ku Soweto. Ankabwerabe chifukwa, mwa kunena kwawo, kunyumba kunali mdima womwewo kuphatikizapo phokoso la adzukulu. Zida zathu awirife ndi zokhazo zimene sizinkafunsa za magetsi.

Kutentha kwa Okutobala kunaumitsa ma pad, tizikopa tija totseka mabowo a saxophone, moti manotsi apansi anayamba kukana. Ndinapita nayo kwa mudala wina ku Kamwala, wokonza mawailesi ndi zida zoimbira, amene anaimbapo m'mahotela nthawi ya Zamrock, nyimbo za rock za muno m'Zambia, pamene bandi ya WITCH ndi Paul Ngozi anali pamwamba. Chida chake choyezera chinali kapepala kopichirira fodya. Amakalowetsa pansi pa pad, n'kutseka batani, n'kukakoka pang'onopang'ono. Kakatuluka mosakakamira, ndiye kuti mpweya ukuthawira pamenepo. Akudikira guluu kuti agwire, anaika kaseti m'wailesi ya mabatire.

Munatuluka alto yokuwa, yoseka, yobuula, kenako kanyimbo kokoma ka m'makomboni a ku South Africa kanasuzumira pakati n'kubisalanso. "Dudu Pukwana ameneyo, mwana wanga," anatero mudala, maso ali pa ntchito. Kasetiyo anam'patsa ndi mmodzi wa anthu a chipani cha ANC cha ku South Africa amene ankakhala muno m'zaka za m'ma 1980, pamene likulu la chipanicho linali mu Lusaka. Anandifotokozera za Blue Notes, bandi ya Pukwana, Chris McGregor, Mongezi Feza, Johnny Dyani ndi Louis Moholo, amene anachoka kwawo mu 1964 chifukwa mzungu ndi akuda kuimbira pamodzi kunali kuputa boma la tsankho. Anakakhazikika ku London, komwe anapeza anzawo amene anali atatopa kale ndi malamulo a jazz. Anatchulanso Ornette Coleman wa ku Texas, amene anali atangomwalira mu Juni chaka chomwecho. Ameneyu mu 1960 analowetsa oimba 8 m'situdiyo, anayi kusipika ya kumanzere, anayi ya kumanja, ndipo anaimba kupitirira mphindi 30 popanda makodi ogwirizana oti awatsate.

Ndalama za ndiwo sabata imeneyo zinathera pa mabandulo. Foni ndinkakatchajitsa kwa ometa amene anali ndi jenereta, usiku n'kumasaka pa YouTube. Kumeneko ndinapeza Evan Parker akuomba saxophone ya soprano mphindi zambirimbiri osadukiza kuti apume, Phil Minton akutulutsa pakhosi mawu amene sindinkadziwa kuti munthu ali nawo, ndi Maggie Nicols wa ku Scotland, amene amachoka pa kuimba, kulowa m'kulankhula, kubwerera m'kuimba, iwe osaona pamene wadumphira.

Nditawamvetsera amai aja pa foni, anagwira pakamwa.

"Iwe wa lipenga, ameneyu akudwala?"

"Ai amai, akuimba. Tiyeni tiyese nafenso. Palibe kiyi, palibe kuwerenga, palibe nyimbo."

"Nanga tiimba chiyani?"

"Chilichonse chimene chituluke."

"Kwathu munthu woimba chilichonse chimene chatuluka timapita naye kwa asing'anga."

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, koma sanakane.

Vuto limene tinakumana nalo silinali manyazi. Linali kuvomera. Mchewa amakula ndi nyimbo ya wotsogola ndi ovomera: pa mtondo, pa chimtali, pa maliro, m'tchalitchi, wina akaponya mawu ena amawalandira. Khutu linazolowera mpaka silifunsanso. Ine ndikaomba manotsi atatu okwera, amai ankawabweza atatu otsika, bwinobwino, pa nthawi yake. Iwo akayamba, zala zanga zinkathamangira zokha kukapeza kiyi yawo, n'kuwaikira noti yogwirizana pansi. Pasanathe mphindi tinkapezeka tili m'kolasi ya Lamulungu, ine ndikuombera F ngati ndili pa ukwati. Zinkamveka bwino, inde, koma zinali zimene tinkadziwa kale.

Chinatithandiza ndi kachizolowezi kamene ndinawerenga kuti John Stevens, woimba ng'oma amene ankatsogolera Spontaneous Music Ensemble ku London kuyambira cha m'ma 1966, ankaphunzitsa anthu. Aliyense apume, atulutse liwu limodzi, alikoke mpaka mpweya uthe, apumenso, ayambenso. Palibe kudikira mnzako, chifukwa mapapo a anthu awiri salingana. Amai mpweya wawo unkatha msanga, wanga unkapitirira, ndiye poyambira pathu pankasemphana tsiku lonse. Pamenepo kuvomera kunasowa pogwira. Unkangomumva mnzako ali pambali pako, akupita kwake, iwe ukupita kwako, ndipo ntchito inali kusankha: ndimuyandikire, ndimusiye, kapena ndikhale chete.

M'kukoka manotsi kumeneko ndi momwe tinapeza chinthu chimene mpaka lero chimandiimitsa tsitsi. Amai anagwira liwu lina, ine ndinafika pafupi nalo koma osalifikira, ndipo pakati pathu mpweya unayamba kugunda, wu-wu-wu-wu. Mafunde awiri a mawu akasiyana pang'ono amathandizana ndi kufafanizana mosinthana, ndipo kugundako kumathamanga molingana ndi kusiyana kwawo. Ndikamasula mlomo pa reed, kabango kopyapyala kamene kamanjenjemera pakamwa pa saxophone, kuti nditsike pang'ono, kunkafulumira. Ndikabwerera kwa iwo, kunkachepa mpaka kuima. M'kwaya zimenezi zikamveka wotsogolera amakuyang'ana ndi diso loipa, chifukwa ndi chizindikiro choti wina waphonya. Ife tinkazisaka dala. Malata a galajalo ankanjenjemera nafe, ndipo galu wa eni nyumba ankachoka kukagona kuseri.

Kuchokera apo aliyense anayamba kufukula zimene chida chake chimabisa. Saxophone, imene Adolphe Sax wa ku Belgium analembetsa mu 1846 akuganiza kwambiri za mabandi a asilikali, ili ndi mawu ambiri amene buku la maphunziro limakuuza kuwapewa. Ukaimba ndi pakhosi uku ukuomba, liwu limasasa n'kung'ambika pawiri. Ukatseka mabowo mosemphana ndi mmene anakuphunzitsira, manotsi awiri kapena atatu amatuluka nthawi imodzi. Lilime likamamatira pa reed n'kuchoka mwadzidzidzi pamalira "pho!" Ngakhale mabatani okha, popanda kuuzira, amalira ngati mvula yoyamba pa malata. Kupuma kwa Evan Parker ndinakuphunzira ndi kapaipi komwera zakumwa ndi kapu ya madzi: masaya amasunga mpweya n'kuufinya, mphuno ikukokera wina m'mapapo, thovu m'kapumo osaleka. Pa lipenga lenileni zinanditengera miyezi.

Amai sanafune kapu kapena YouTube. Anali nazo kale. Nthungululu ankaidula pakati n'kuisiya ili lende. Ankaimba pokoka mpweya m'malo mopumira kunja. Kuitana kwa pa msika, kuja amaitanira makasitomala pa mulu wa malaya, ankakutambasula mpaka mawu ake atasungunuka, n'kutsala mamvekedwe okha. Ndikunena mosapsatira kuti pa awirife wodziwa anali iwo. Ine ndinkabwera ndi njira zimene ndaona pa foni, ndipo ndinkafuna kuzionetsa zonse. Iwo ankatha kungokhala chete nthawi yaitali, ine ndikulimbana ndi mabatani, kenako n'kuika liwu limodzi laling'ono pamalo pamene linkasintha zonse zimene ndaomba.

Chinthu chimodzi anachikana: kulira kwa pa maliro. Tsiku lina ndinaomba kamzere kotsika kamene kanafanana nako, iwo anaima pomwepo. "Chimenecho usachiitane, mwana wanga. Chili ndi eni ake." Inenso mawu a zilombo za ku dambwe sindinawaikemo, ndipo sindidzawaikamo.

Apa ndipatuke pang'ono. Ndakumanapo ndi ophunzira amene akamva zimene timachita amathamangira kunena kuti izi ndi zathu zakale, Gule Wamkulu yemweyo. Sindigwirizana nawo. Amene anaimapo pa bwalo ku Mkaika pa Kulamba amadziwa kuti gule ali ndi dongosolo lolimba. Ng'oma iliyonse ili ndi gawo lake, mpanje sungalowe m'malo mwa mbalule, wa mbalule maso ake amakhala pa mapazi a wovina, ndipo amai oimba amadziwa nyimbo ya chilombo chilichonse. Ufulu ulimo, koma uli m'kati mwa mpanda. Zathu za m'galaja zinali zina, ndipo sizifunika kubwereka dzina la gule kuti zilemekezeke.

Anthu anatimva koyamba mu Disembala, pa ukwati wina ku Kabwata. Magetsi kunalibe, jenereta inazima pakati pa kudula keke, ndipo mnyamata anathamanga ndi chigubu kukagula petulo. Woyendetsa mwambo anabwera thukuta lili kamukamu. "Achimwene a lipenga, tsekani mpatawu, chilichonse!" Ndinayang'ana amai. Iwo anakonza duku, n'kuyamba ndi nthungululu, holo yonse n'kuvomera mosangalala. Kenako anaidula pakati, ine n'kulowa pansi pawo ndi noti yosemphana, kugunda kuja n'kudzaza chipinda. Ana a pa mzere anasiya kuvina n'kuyamba kuseka. Azakhali a mkwati anafunsa mokweza ngati lipenga lawonongeka. Gogo wina wa ndodo anadzuka, anayenda mpaka kutsogolo, anamvetsera ataweramitsa mutu, n'kuika K20 m'kamwa mwa saxophone.

Jenereta italira tinabwerera ku kalindula, ndipo anthu anavina mpaka usiku. Polongedza masipika mkulu wa bandi anatiuza kuti tikadzabwerezanso pa ukwati wa kasitomala tidzafune bandi ina. K20 ija tinagawana pa siteji ya minibasi, ndipo amai pokwera anandiuza kuti Lachiwiri ndisachedwe, ndibwerenso ndi kandulo chifukwa yawo inatha. M'gawo lotsatira ndidzakamba za mmene tinapezera munthu wachitatu, mnyamata wa ku Kalingalinga woimba kalimba ndi zitini.